Nkhondo Yolimbirana Wodwala wa Pulasitiki

Tandiyankhani, inu odya mabuku: ndani amafa m'mawa, masana wadzuka, madzulo wafanso, koma palibe amamulira maliro? Mwagoma? Ndi chidole chachikulu ngati munthu, chogona pabedi m'chipinda momwe ana ofuna udokotala amaphunzitsira manja awo asanakhudze anthu enieni.

M'masiku oopsa aja, mayeso atafika pakhomo ngati dzombe, zolembera zikutafunidwa m'makalasi monse, kunabuka nkhondo yolimbirana chidolecho, imene ngakhale okolopa akuisimbabe monong'ona.

Uku kunali Chiphaliwali, Mkango wa m'Makonde, Wopeza-mtsempha-ali-chitsinzinire, amene ankasamba chopimira mtima chili m'khosi. Uko kunali Kansoti, msinkhu ngati botolo la mankhwala, amene akanati alepherenso mayeso a mawa lake, akanabwereza chaka chathunthu. Nthawi yoyeserera inali yake, koma Mkango unali utakhala pamiyendo ya wodwalayo ngati pampando wachifumu.

"Achimwene, tasunthani," anatero Kansoti.

"Mlongo wanga," unabangula Mkango, dzanja lili m'mwamba, "chidole ichi ndachiukitsa kambirimbiri! Chikangomva nsapato zanga, mtima umayamba wokha kugunda. Iwe ima apo, maso akuphunzitse!"

Kansoti anagwira mwendo, Mkango unagwira mkono, ndipo magolovesi anauluka, thonje linagwa ngati matalala, bedi likulira mateyala. Mpamene Kansoti anaona aphunzitsi akulowa kuseri kwa galasi, m'kachipinda momwe amayankhulira m'malo mwa chidolecho. Mkango unali utafulatira.

Kansoti anasiya mwendo mwaulemu. "Tionetseni, adokotala."

Ana inu! Chiphaliwali moni sanapereke, chavuta sanafunse, ngakhale kumvera ngati munthu akupuma, ayi. Anangolumphira pachifuwa, phwii, phwii, kudinikiza, thukuta kamukamu, akuwerenga mokweza kuti a m'khonde amve.

"Mayo nthiti zanga!" chinakuwa chidole. "Adokotala, ine ndabwera ndi chala chotupa!"

Mkango unadumpha chafutambuyo n'kukakhala m'beseni losambira m'manja, khuvuu! Ophunzira anzawo amene anaunjikana kudzaonerera anaseka mpaka kugwira makoma.

Mtendere unakhazikitsidwa mwamwambo: aphunzitsi analamula kuti masana onse chidole n'cha Kansoti, ndipo adani awiriwo anagwirana chanza pamwamba pa mimba ya wodwalayo, wina akuimba nthungululu. Kenako Chiphaliwali, thalauzi likudontha, anagwada pambali pa bedi.

"Pepani, bambo."

"Zatha, mwanawe," chinabuula chidole. "Koma chalachi andione dokotala winayo."