Uzungu Wanga wa M'sewero

Lolemba

Andilanda uzungu wanga! Komiti ya tchalitchi yagamula kuti wosankha anthu a m'sewero sangadzisankhe yekha. Wosankhayo ndine.

Nkhani ndi yanga: msewu wathu wa ku Brakpan kuno ku Joni. Kale azungu okhaokha ndi agalu awo, lero timagolosale ta masipaza, matekisi, Amalawi m'zipinda za kuseri. Ndinkayankhula ine, Mayi Nasimango a Sande sukulu ankangolemba. Kusukulu sindinapondeko, zilembo ndinaziphunzira m'buku la nyimbo ku mgodi, koma Baasi, bwana wachizungu, ndimamudziwa. Zaka makumi awiri ndikumudulira kapinga!

Ofunika: Baasi, Medemu (mkazi wake), wa m'gadeni, galu (mawu okha, kuseri kwa katani).

Nzeru ndaipeza. Aliyense wofuna za Baasi ndimulepheretsa. Akatha onse atsala ndani?

Lachiwiri

Holo yadzaza! Ofuna kukhala Baasi: khumi ndi mmodzi. Ofuna kukhala wa m'gadeni: palibe.

A Mbewe a ku Wadeville: akukalipa akuseka. Alephera.
A Jere: ndevu. Baasi analibe ndevu. Alephera.
Ena asanu ndi atatu: uzungu wachepa.
A Gondwe, alonda: mawu alipo, mimba ilipo. Chowalepheretsera sindinachipeze. Ndati abwerenso Lachinayi.

Ndawapempha a Jere za m'gadeni. Akuti, "Madala, fosholo Lolemba mpaka Loweruka, ndiye Lamulungu ndiigwirenso anthu akundionerera?"

Lachitatu

Medemu wapezeka! Mayi Nagama, ogwira ntchito ya m'nyumba ku Benoni. Angolowa, kupititsa chala pazenera, kuchiyang'ana, kuusa moyo. Mawu osayankhula. Amayi onse pansi ndi phwete, wina mpaka misozi yeniyeni.

Wa m'gadeni akusowabe. Ndayesa abusa. Akuti msana.

Lachinayi

A Gondwe abwera atadzola ufa nkhope yonse. Atangoyamba kukalipa, thukuta latsika, ufa wasanduka phala. Alephera, Mulungu ngwabwino!

Ndawauza onse: uzungu suli pankhope, uli pa kaimidwe. Ndatulutsa katundu wanga. Kabudula wa khaki. Masokosi ofika m'maondo. Chipeso m'sokosi. Manja m'chiuno, maso kuyang'ana pamwamba pa mutu wa munthu. Kuzizira kwa Joni kukundiluma miyendo koma ndaima nji!

Holo yonse maso pa ine. Kenako m'manja! Komiti ikuti igamula mawa.

Lachisanu

Chiwembu! Mayi Nasimango abwera ndi mzungu weniweni. Oom Piti, womaliza mumsewu wathu. Anzake anathawa kalekale, iye akukhala m'chipinda cha kuseri kwa Mayi Nagama, amalondera magalimoto pa shopu.

Ndati yesani tione. Wavula chipewa. "Moni abambo." Pa mawu okalipa wayamba ndi "pepani", wamaliza ndi "zikomo". Chichewa cha kwa Mayi Nagama chamuwononga munthu. Ndagamula: uzungu wachepa! Ngakhale Mayi Nasimango avomera.

Ndiye iye nkufunsa ngati za m'gadeni zili ndi munthu, akuti maluwa amawadziwa. Tampatsa fosholo asanasinthe maganizo.

Komiti yagonja. Baasi ndine! Ndipo woti ndimukalipire ndi mzungu! Azibambo a ku mgodi amene munagona, dzukani mudzaone!

Loweruka

Kuyeserera koyamba. Kabudula wasitidwa, chipeso chili m'malo.

Mawu anga ndi a Baasi mwiniwake, m'Chifanakalo, chiyankhulo cha ku mgodi: "Hey wena, boy! Buya lapa!" Ndiye kuti, iwe mnyamata, bwera kuno. Ndawayesa m'bafa, ndawayesa mutekisi, ndawasunga pakhosi zaka zonsezi.

Katani yatseguka. Oom Piti wagwada pa simenti ndi fosholo. Maondo aphokosera, holo yonse yamva. Tsitsi loyera ngati langa, nsapato yobooka pansi. Wakweza maso, chipewa m'manja, "Ja, baas."

Pakamwa panga patuluka, "Dzukani bambo, simentiyo ikuzizira."

Tabwereza. Ndafika pa "Hey", ndapezeka ndikumukokera mpando.

Kachitatu ndatseka maso, ndakalipa ndithu, koma kukalipira abusa amene anaima mbali inayo.

Oom Piti akundilimbitsa mtima: "Kalipani abambo, bambo anga ankatero kumene."

Mayi Nasimango atseka buku lawo. "Madala, uzungu wachepa." Mawu anga omwe! A Gondwe anali atanyamula kale ufa m'thumba.

Lamulungu

Baasi ndi a Gondwe. Kabudula ndawabwereka, sakumangika pamimba, zawo zimenezo. Chipeso ndakana.

Ine andipatsa galu. Ndavomera. Galu wa Baasi ndimamudziwanso, anandiluma kawiri, ndipo kuseri kwa katani munthu amavala thalauzi. Ndauwa kamodzi titaweruka mapemphero, mwana wa Mayi Nagama wathawira m'galimoto. Palibe anganene kuti ugalu wachepa.

Koma a Gondwe akamakalipa, Oom Piti amagwada pa simenti mpaka chigawo chithe, ndipo podzuka amagwira khoma. Mayi Nasimango akuti m'buku mulibe mpando, Baasi weniweni sankapereka mpando. Ndikudziwa, maondo anali anga! Koma nkhani ndi yanganso.

Mayi Nasimango, tengani cholembera. Lembanimo mpando m'sewerolo, lero lomwe. Apo ayi galu sauwa.