Diripi ya Mavitamini Imene Sindinalandire

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa ngati chiphuphu cha pamphuno, koma poti kwathu kuno ku Balaka ngakhale mbuzi zikuidziwa, bola ndiinene ndekha. Mukafuna kuseka, sekerani kumbali.

Ine ndine Hawa, ndili Folomu 3. Ndinaleredwa ndi malemu anganga, munthu amene sankatha kukuyankha kanthu osayamba ndi ndagi. Ukafunsa kuti sopo ali kuti, ankati, "Woterera wagona pansi pa mphika wosaphikira." Iwe uzizungulira nyumba yonse, madzi osamba akuzizira, kenako n'kumupeza pansi pa beseni. Ndiye ndinakula ndi matenda amenewo. Chinthu chikaoneka chophweka sindichikhulupirira, ndimafuna yankho lobisika.

Teremu imeneyo kalabu yathu ya zachilengedwe inakonza trip yopita ku paki ku Liwonde. Malo mu minibasi anali ochepa, koma dzina langa linalipo. Ine wobadwira pafupi chonchi ndinali ndisanaonepo njovu ndi maso angawa. Ndinkailota masanasana. Aphunzitsi akulemba pa bolodi, ine ndili m'boti pa Shire, njovu ikundiyang'ana ngati tinadziwana kalekale.

Ulendo unali wa Loweruka. Lolemba ndinadzuka thupi lili moto, mfundo zonse zikuphwanya.

Amayi anali atalawirira kumsika kukagulitsa tomato, ndiye ndinangotenga buku langa la kuchipatala n'kupita ndekha ku kachipatala ka kwathu. Anandibaya chala, ndinadikira.

"Negative," anatero adokotala. "Malungo mulibe. Imwa panado, imwa madzi ambiri, ukagone."

Basi? Thupi kutentha, mawondo kukana, udzudzu ukundidya tsiku ndi tsiku, koma malungo mulibe? Mumtima ndinati iyi ndi ndagi, ndipo adokotala yawakanika.

Madzulo ndinabwereka foni ya amayi. Sindinachedwe kupeza kuti udzudzu sunyamula malungo okha. Ulinso ndi mavairasi ake, dengue, chikungunya. Chikungunya! Dzina lokhalo linandikwana ngati diresi yosoketsa. Ndinapezanso tsamba lina likunena kuti kunja kuli anthu amene akuyesera kuthandiza odwala matenda amenewa powaika diripi ya mavitamini, molunjika mumtsempha. Pachithunzi panali mayi atakhala pampando wawofuwofu, akumwetulira, thumba lachikasu likulendewera pamwamba pake.

Ndinawerenga masiku pa zala. Panado ndi wa anthu amene alibe kopita. Ine ndinali ndi njovu yondidikira.

Lachiwiri m'mawa ndinadutsa pakhomo pa Abiti Saidi, neba wathu amene amakazinga zitumbuwa m'mphepete mwa msewu. Mayi amenewa nkhani ikawafika m'mawa, pofika swala ya masana kumzikiti yawoloka Shire.

"Mwanawe, ukuyenda ngati nkhuku yonyowa, ukupita kuti?"

"Kuchipatala. Ndikukalandira diripi ya mavitamini."

Ndinanena mokweza, ndikuvomereza. Zinkamveka bwino m'kamwa.

Adokotala atandionanso anavula magalasi.

"Wabweranso?"

"Adokotala, yankho ndalipeza. Ndi chikungunya. Mundiike diripi ya mavitamini, ndichire lisanafike Loweruka."

"Wazitenga kuti?"

"Ndawerenga. Kunja akuyesera."

"Akuyesera. Mawu amenewo unawawerenga bwinobwino? Kuyesera si kuchiza, chemwali. Palibe amene watsimikiza kuti diripi imeneyo imapha vairasi. Ukusanza?"

"Iyayi."

"Ukudya? Madzi ukumwa?"

"Eya."

"Ndiye pakamwa pako pali pa ntchito. Diripi timaika munthu amene pakamwa pamukanika. Ukufuna mavitamini? Malambe ali mbwee pamsika, kapange juwisi. Kutentha kukapitirira, kapena ukaona magazi m'nkhama, uthamangire kuno. Nanga dzanjali latani?"

Kuseri kwa dzanja langa lamanzere udzudzu unali utandiluma, ine n'kukanda mpaka kutuluka magazi. Anapukuta ndi thonje, n'kumatapo pulasitala yoyera, yaikulu bwino.

Inu mukudziwa pamene amalowetsa singano ya diripi. Ndi pomwepo. Ine sindinaganizeko.

Pobwerera ndinkayenda chozyolika, manyazi atandigwira. Abiti Saidi anaponya chipande pansi.

"Mayo ine! Akuikadi! Taonani dzanja la mwana!"

Apa ndi pamene munthu wanzeru akananena kuti iyayi, ndi udzudzu chabe. Koma ndinakumbukira m'mene ndinadzitamira m'mawa. Sindinati eya, sindinati iyayi. Ndinangoti, "Mmm."

Anandikhazika pampando wawo, n'kundipatsa zitumbuwa ziwiri zamoto.

Amayi anabwera kuchokera kumsika akuthamanga, dengu atalisiya kwa anzawo. Anandigoneka pamphasa pakhonde, anandifunditsa zitenje ziwiri dzuwa la ku Balaka lili phwee.

"Ndiwe mwana wotani iwe, kukalandira diripi wekhawekha osanena?"

"Amayi, si kuti..."

"Usalankhule, usunge mphamvu."

Lachitatu ndinadzuka ndili bwinobwino. Kutentha kwatha, mawondo abwerera. Koma pakhomo panali patadzaza. Azimayi a m'mudzi ankabwera awiriawiri kudzandizonda, wina thobwa, wina nthochi, wina phala la mpunga. Aliyense ankagwada, kuyang'ana pulasitala, kupukusa mutu, n'kundichitira dua, kundipempherera kuti ndichire. Mbale sindinatsuke. Kumjigo sindinapite. Ndisaname, tsiku limenelo linandikomera.

Koma nkhani inkakula ndili chigonere. M'mawa inali diripi imodzi. Masana ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuseri kwa bafa kuti anandiika mabotolo atatu. Pofika madzulo anali mankhwala achilendo ochokera kunja, ndipo ine ndinali woyamba kuwalandira m'boma lonse la Balaka.

Kenako Abiti Saidi anapha nkhuku yawo. Nkhuku yoikira mazira! Anabwera nayo m'bakuli, msuzi uli noninoni.

"Idya mwanawe, magazi abwerere."

Ndinadya. Ndipo pamene ndinkatafuna chiganga ndinadziwa kuti njira yobwerera yatsekeka. Munthu ungabweze mawu, koma nkhuku yophika siibwerera m'khola.

Ndinayesa njira zina. Ndinadzuka n'kuyamba kusesa pabwalo mothamanga kuti aone kuti ndachira.

"Siya tsache limenelo!" anakuwa amayi. "Imeneyo ndi mphamvu ya diripi. Ikatha ugwa ngati thumba."

Ndinayesa kumatula pulasitala mwakachetechete. Anandimenya padzanja linalo.

"Ukufuna mphepo ilowe mumtsempha?"

Lachinayi sindinkakhazikika. Ndikagona, ndadzuka. Ndikakhala, ndaimirira. Ndinkawerenga malata a padenga, kenako n'kuyambiranso. Ndiye ndinamva amayi akulankhula pafoni ndi madamu a kalabu yathu kuseri kwa nyumba.

"Eya madamu, ndine mayi ake a Hawa. Loweruka asamuwerengere. Ali serious, anachita kumuika madiripi."

Ndinatuluka ngati ndaponda moto.

"Amayi, iyayi! Musadule! Ndipita!"

Anali atadula kale. Azimayi atatu amene anakhala pakhonde anandiyang'ana mwachisoni. Ndinaona kuti nthawi yonena zoona yakwana. Koma Abiti Saidi anali pomwepo, bakuli lawo lopanda kanthu lili pamiyendo. Mawu olunjika anakana kutuluka. Anatuluka ndi a mtundu wina.

"Amayi," ndinatero, "pali chitseko, koma kuseri kwake kulibe nyumba."

Amayi anandiyandikira.

"Wati chiyani?"

"Chitseko chilipo. Nyumba palibe."

Amayi anagwira kumutu. "Kalanga ine! Wayamba kulankhula ngati malemu anganga ake! Akumuitana!"

Azimayi anayamba kulira. Wina anathamangira madzi n'kundithira kumaso. Anandinyamula anthu anayi, ine ndikuphiriphitha, iwo akuti ndi kukomoka kumeneko. Madzulo omwewo amayi anaimbira azakhali a ku Ntaja.

Azakhali anga ndi mlongo wawo wa bambo, ndipo poti bambo ali ku Joni, nkhani zonse zazikulu amadula ndi iwo. Amagulitsa nsalu pamsika wa Ntaja, ndipo mawu awo amamveka kuchokera kumzikiti mpaka kusiteji. Lachisanu m'mawa anatsika pa kabaza asanaime n'komwe.

"Buku la kuchipatala lili kuti?"

Analitsegula, kulitembenuza, kuliyang'anira padzuwa. Zolemba za adokotala zinali ngati nkhuku yapalasa.

"Mwaona? Alemba mobisa dala! Mwana wa mchimwene wanga asanduke woyeserapo mankhwala, popanda kholo kusaina? Vala nsapato!"

"Azakhali, bwanji tingozisiya..."

"Tizisiye? Ine ndakwera minibasi ziwiri ndi kabaza kuti tizisiye?"

Tinanyamuka. Azakhali patsogolo, amayi pambuyo, Abiti Saidi atasiya zitumbuwa ndi mwana wawo wamkazi kuti akakhale mboni. Ine pakati ngati mbuzi yopita kumsika. Njira yonse ndinkapempha kuti chipatala tikachipeze chotseka, kapena adokotala asamutsidwe usiku womwewo kupita ku Nsanje.

Chinali chotsegula. Mzere unali wautali, amayi a ana kusikelo, azibambo pabenchi. Azakhali sanaime pamzere.

"Adokotala ali kuti? Atuluke!"

Anatuluka, cholembera chili kukhutu.

"Mayi, kwagwanji?"

"Mundifunse ine? Ndani anakupatsani chilolezo choyesera mankhwala akunja pa mwana uyu? Mabotolo atatu! Mwana mpaka akulankhula ndi akufa!"

Benchi yonse inatembenuka. Mayi wina anakokera mwana wake pafupi. Bambo wina amene anali atatsala pang'ono kulowa anabwerera n'kukhala pansi.

Adokotala anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana nyerere imene inkadutsa pasimenti, ndikuisirira kuti ili ndi una wolowamo.

"Aa, ndi chemwali wa chikungunya uja," anatero. "Mabotolo atatu a chiyani?"

"A mavitamini!" anayankha Abiti Saidi. "Ndinamuona ndi maso angawa akuchokera kuno. Umboni ndi uwo uli padzanjawo!"

"Bwera kuno, chemwali. Tambasula dzanja."

Anagwira ngodya ya pulasitala. Amayi anatseka maso. Azakhali anaweramira pafupi, benchi yonse inaimirira. Pyaa!

Kachilonda kake kanali katauma, kakang'ono ngati njere ya mapira.

Adokotala anavala magalasi, n'kukayang'anitsitsa nthawi yaitali ngati nkhani yovuta kwambiri.

"Mayi, kubayidwa anabayidwadi," anatero. "Koma amene anabaya apa si wa staff yathu. Ali ndi mapiko, ndipo amagwira ntchito popanda yunifolomu."

Chipatala chonse chinaphulika. Mpaka munthu amene anabwera atamunyamula pa njinga anadzuka kuti aone. Adokotala anafotokoza zonse, kuti ndinabwera ndekha kudzapempha diripi, iwo anakana, anandiuza za malambe. Anandigwira pachipumi n'kunena kuti ndili bwino kuposa iwowo, ulendo ndikhoza kupita.

Azakhali anakonza mpango wawo pang'onopang'ono.

"Pepani adokotala. Mwanayu tikakambirana naye kunyumba."

Abiti Saidi sananene zambiri. Anangoti, "Nkhuku yanga," kawiri, motsitsa.

Tili panjira ndinapempha foni n'kuimbira madamu a kalabu.

"Madamu, ndine Hawa! Ndachira! Mawa ndibwera!"

"Hawa? Ukutha kulankhula? Ife timakonza zodzakuona Lamlungu! Pepa mwana wanga, malo ako tinapatsa mnzako Esinati dzulo lomwe. Iwe pumula, madiripi si masewera."

Loweruka m'mawa amayi anandidzutsa kusanawale bwino. Ntchito za masiku anayi zinali zikundidikira, ndipo anawonjezera kuti madiramu a Abiti Saidi ndiwadzaze ndine mpaka mwezi uthe. Ndowa yabwino anatenga okha. Ine anandipatsa yachitsulo yakale, yobooka pansi.

Mjigo wathu uli m'mphepete mwa msewu wopita ku Liwonde. Ndili pa ulendo wachitatu, ndowa pamutu, madzi akundidonthera pamphumi, kutsikira pamphuno, dontho ndi dontho, ndinamva nyimbo. Minibasi ya kalabu! Esinati anali pawindo, pampando wanga, atavala chipewa. Anzanga anatulutsa mitu.

"Hawaaa! Diripi ikuyenda bwanji?"

Ndinafuna kutula ndowa kuti ndibisale kuseri kwa mjigo. Amayi, amene anali pambuyo panga, anandigwira phewa.

"Usatule. Isiye idonthe mpaka ithe, mwina muli mavitamini."

Bodza limene sunalinene ndi pakamwa, ukangolidyera nkhuku ndi lako basi.