Tsiku limene ndinatseka paipi ya apongozi

Malaya anga oyera a ku ofesi aja pano tikukolopera m'nyumba, ndipo wolakwa ndine ndemwe.

Ndimagwira ntchito pachipatala china kuno ku Mitundu, koma sindine dokotala ayi. Anamwino akalemba vuto la wodwala, ine ndimalipezera nambala yake n'kulowetsa mu kompyuta. Paipi yodyetsera wodwala ikatsekeka kapena ikasololoka, nambala yake ndimaidziwa pamtima (paipi yeniyeniyo ndinali ndisanaigwirepo chibadwire).

Apongozi anga aakazi atadwala sitiroko, anatuluka m'chipatala ali ndi paipi ya m'mphuno. Loweruka lina tili kwawo ku Nathenje, ndinapeza mkazi wanga akusefa phala lawo.

"Mukufuna kuwapatsa madzi amenewo?" ndinatero. "Bweretsani kuno, izi ine ndimaziona tsiku ndi tsiku."

"Bambo a Chisomo, anamwino anati lizikhala lamadzimadzi."

Ndinangoseka, n'kukoka phala losasefa m'chijakisoni chachikulu chokankhira chakudya m'paipimo.

Tsono kwathu mkamwini sayang'anizana ndi apongozi. Zaka zonsezi moni tinkapatsana nkhope zili kumbali. Choncho ndinagwada m'mphepete mwa mphasa, maso kuzenera, dzanja likukankha. Kunalimba. Ndinawonjezera mphamvu (ulemu uli pomwepo, osacheuka). Phwaa! Chijakisoni chinafwamphuka, phala kumaso, m'malaya, mpaka pa duku la apongozi.

Paipi inali itatsekeka. Mayiwo anali asanadye chidzukire, ndipo mankhwala awo ankadzeranso momwemo. Apa ndiye ndinachita mantha enieni.

Tinathamangira nawo kuchipatala chomwe ndimagwirako ntchito. Namwino anaika paipi ina, ndipo pofika masana anali atadya. Lolemba pepala lawo linafika patebulo panga: "Paipi yatsekeka ndi phala lolimba." Nambala yake ndinalowetsa ndekha, namwino uja ataima kumbuyo kwanga.

"Nanga ya mkamwini wodzichemerera mwaipeza, achimwene?" anandifunsa.

Ofesi yonse inafa nacho chiseko.

Apongozi pano akudya okha ndi supuni, ndipo mtima wanga uli m'malo. Atayamba kulankhula bwino anandiitanitsa, n'kundiyang'ana m'maso kwa nthawi yoyamba.

"Bambo, ulemu wanu ndinauona, mpaka pa duku. Koma mukamadyetsa munthu, muzimuyang'ana."

"Ndamva, amayi," ndinayankha, maso ali kuchitseko.