Loboti Yokulungidwa M'chitenje

Lolemba

Sabata ya mpikisano yafika. Ndadzuka ndi mphamvu ngati mnyamata.

Ndilembe bwino nkhaniyi, kuti anthu akadzafunsa kuti mwini nzeru anali ndani, umboni udzakhalepo. Tadala, mwana wanga, ali m'kalabu ya maloboti kusekondale kwawo, ndipo chino n'chaka chake chomaliza. Iye ndi anzake asanu apanga loboti yotola timipira n'kumatiponya m'basiketi. Aitcha Bodaboda, dzina la kabaza wa njinga yamoto kuno, ati chifukwa simvera malamulo a pamsewu. Woyendetsa ndi Tadala.

Mipikisano ilipo mitundu iwiri:

1. Waukulu, wa chigawo chonse. Tsiku limodzi, holo imodzi, masukulu ambirimbiri. Ukapambana wapita kumafainolo, ukagonja kwatha.
2. Ing'onoing'ono, ya m'madera. Lero kusewera kuno, pakapita masabata kusewera kwina, kumangokunkha mapointi.

Pamsonkhano wa makolo, a Mwalimu, aphunzitsi a kalabuyi, ankafuna ing'onoing'onoyo, ati ana amaphunzira akalakwitsa. Ine ndinaimirira n'kuwafunsa chifukwa chotumizira ana kukachita manyazi pagulu kawiri. Ife mayeso a fomu folo tinalemba kamodzi, ndipo si ife tili pano? Makolo anaseka, anavotera waukulu, n'kundisankhanso kukhala wapampando.

Sukulu yatseka sabata ino, tchuthi cha pakati pa teremu, ndiye Bodaboda ikugona kwathu kuno ku Madaraka, m'dziko la eni lomwe tikukhalamo. Ndaikulunga m'chitenje cha amake Tadala, ndaiika pamwamba pa kabati ya mbale za alendo. Loweruka tikukatenga chikho.

Lachiwiri

Tadala akupempha kuti aitsitse aziyeserera pakhonde. Ndakana. Zifukwa:

- mateyala atha
- batire itopa
- ana a m'nyumba ya pamwamba aiona, ndipo kuno nkhani sizichedwa kuyenda

Suti ya ukwati sapita nayo kumsika, ndamuuza. Iye akuti anangoiyendetsa kawiri kusukulu, ndipo mkono woponyera sanauyesepo ndi mpira weniweni. Ndamuyankha kuti wowerenga bwino safuna mayeso oyeserera.

Madzulo andiimbira a Phiri a ku Donholm, dera lina la mzinda uno, ochokera kudziko lakwathu, timapemphera tchalitchi chimodzi. Mwana wawo Chisomo ali pasukulu ina yomwe inasankha ing'onoing'ono. Loweruka lapitali anakasewera koyamba, mkono wa loboti yawo unathothoka masewero ali mkati n'kugwera pamapazi pa woweruza! Ndaseka mpaka kutsokomola. Iwo akuti, "Pang'onopang'ono ndi mtolo, achimwene. Pano tadziwa bawuti yomwe imamasuka."

Ogonja sasowa mwambi.

Lachitatu

Kuofesi mutu suli pantchito. Ndikulemba mawu okalankhula polandira chikho. Ndime zitatu, ndi moni wa Chiswahili koyambirira kuti eni dziko asangalale. Ndagulanso tayi.

Ndapeza Tadala kunyumba ali ndi anzake awiri a m'kalabu, akwera maminibasi awiri kuti afike kuno. Sindine munthu wankhanza, ndawalola kuti aione. Ndavundukula mbali imodzi ya chitenje, ndayatsa, kanyali kobiriwira kawala, ndazimitsa. Ikugwira ntchito! Chinanso n'chiyani? Ndawapatsa tiyi ndi mandasi. Mtsikana mmodzi wandiyang'ana nthawi yaitali n'kungoti m'Chiswahili, "Sawa, baba Tadala," ndiye kuti chabwino.

Atapita, amake Tadala, uku akupukuta tebulo: "Mbale zili m'kabatimo tinalandira paukwati. Zadutsa malire awiri kufika kuno, palibe anadyerapo. Mlendo wake ndi uti amene tikudikira?"

Sindikuona kuti mbale zikubwera bwanji pankhani ya loboti.

Lachinayi

A Mwalimu aimba kufunsa mmene zoyeserera zikuyendera. Ndawauza kuti loboti ikupuma. Iwo akuti ndikumbukire kuti mpikisano waukulu ulibe mawa, cholakwika chimene sitinachione kunyumba tikachionera m'holo. Ndawauza kuti n'chifukwa chake tikuisamala. Aphunzitsi a masiku ano mantha.

Tadala chakudya wangotola pang'ono. Ndamupeza pabalaza atatsinzina, rimoti ili m'manja, akuyendetsa zala ngati loboti ili pansi. Kunena zoona zandikhudza. Ndinatsala pang'ono kukwera pampando kuti ndiitsitse. Koma ndatsala ndi masiku awiri okha, ndipo bambo sasintha mawu pakati pa sabata. Loweruka adzandithokoza.

Lachisanu

Ndatenga tchuthi. Tadala ndi mayi ake apita kutauni kukatenga malaya a timu, ndatsala ndekha ndi Bodaboda. Ndaitsitsa. Fumbi! Mateyala otuwa ngati miyendo ya mwana m'mwezi wa Juni. Mwana wa ine sangakaonekere pagulu ndi chinthu chotuwa chonchi.

Zimene ndachita:

- kupukuta paliponse ndi kansalu
- polishi wakuda wa nsapato pamateyala onse anayi, kawiri, ndi bulashi
- kuwalitsa ndi sokosi yakale, monga tinkachitira kusukulu yogonera

Ikuwala moti ndikudziona nkhope pateyala. Ndaikulunganso, ndaibwezera pamalo pake. Sindiuza munthu, akaonera komweko.

Suti yasitidwa. Tayi ili pampando. Mawu aja ndawaloweza.

Loweruka

Holo yadzaza. Maloboti a anzathu ngokalikakalika, ena omata ndi matepi. Yathu ikuwala kuposa onse, mayi wina mpaka waijambula.

Masewero oyamba. Wezulo yalira, Tadala wakankha rimoti, mateyala akuzungulira, koma Bodaboda ili pomwepo. Kenako yayamba kuzungulira pamodzimodzi ngati galu wofuna kugona, ikusiya mizere yakuda pakapeti. Woweruza wagwada, wanunkhiza teyala, wayang'ana a Mwalimu. A Mwalimu ayang'ana nsapato zanga.

Nthawi yonse yopuma yathera pa kutsuka mateyala ndi sopo wa kuchimbudzi.

Masewero achiwiri. Ikuyenda! Yatola mpira! Ndaimirira pampando. Mkono wanyamuka bwinobwino n'kuponya mpirawo chakumbuyo, kwa oonerera. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu wakagwera m'basiketi ya adani, ndipo oweruza auwerenga.

Masewero achitatu aitana nthawi yomweyo, mpata wotsegula mkono panalibe. Tadala waiyendetsa chafutambuyo kuti iziponyera koyenera, ndipo wachinya umodzi. Holo yonse yaomba m'manja. Mwana ameneyu ali ndi mutu. Koma mpira umodzi sunakwane.

Ndapita patebulo la okonza mpikisano kukafunsa ngati pali kubwereza. Mayi wa pamenepo wandipepesa m'Chiswahili, akuti, "Pole, mzee. Chaka chamawa." Chaka chamawa Tadala adzakhala atamaliza sukulu.

Takwera galimoto, tabwerera kunyumba. Pepala la mawu anga likadali m'thumba la jekete.

Lamulungu

Kutchalitchi a Phiri sanandiseke, ndipo zimenezo zawawa kuposa kusekedwa. Angonena kuti a Chisomo akasewera kachiwiri pakatha masabata awiri, ngati Tadala angakonde azibwera ku Donholm kudzawathandiza.

Titabwerako, Tadala watsitsa yekha Bodaboda, osapempha. Wakhala pansi pakhonde, watsegula mkono. Mawaya awiri anawasinthanitsa polumikiza kusukulu kuja. Wawabwezera. Mphindi khumi sizinakwane n'komwe. Waika basiketi ya zovala zochapa kumapeto kwa khonde, wakankha rimoti, mpira walowa. Winanso walowa. Ndawerenga khumi ndi iwiri yotsatizana. Oonerera: ine, ndi ana a m'nyumba ya pamwamba aja.

Ndamuuza kuti ndinalakwa, za polishi, za chitenje, za msonkhano, zonse. Manyazi andigwira kuposa dzulo. Sanakalipe, maso ali pa basiketi.

"Adadi, ine ndinkangofuna tsiku limodzi loti ndilakwitse muli inu nokha."

Ndapita kukamutolera timipira.

Ndalembera a Mwalimu kuti upampando ndatula. Ndawonjezera kuti makolo a chaka chamawa asankhe ing'onoing'ono, ngakhale ine voti sindidzakhala nayo. Mawa ndikaweruka ndikamutula Tadala ku Donholm.

Masana amake Tadala atsegula kabati, ndipo tadyera m'mbale za alendo. Yanga ndaipeza ili ndi mng'alu kuchokera m'mphepete mpaka pakati. Palibe akudziwa kuti unayamba liti.