Anyamata Anga a M'mabulugama

Abale inu, sekani koma mundisiyireko pang'ono, chifukwa ine ndadziseka kale mpaka nthiti kuwawa, ndipo kuseka uli wekha m'nyumba sikukoma ayi.

Chimwalirireni mayi a kunyumba, a Esitere, tsiku Lamulungu limanditalikira. Abale awo anadzatenga thupi n'kukaika kwawo ku Mozambiki, ine ndinapondako ulendo wa maliro womwewo basi. Ana ali ku Limbe ndi ku Joni, foni amaimba akakumbuka. M'kati mwa sabata ndimaiwalako ku nazale ya tiyi kumene ndimagwira ntchito, koma Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ndimangoyendayenda m'mizere ya tiyi ngati mbuzi yodula chingwe, poti m'nyumba mumangoti zii.

Tsiku lina ndikuyenda choncho ndinatulukira kuseri kwa nyumba yakale ya eni esiteti, m'mabulugama muja, n'kupeza mwala woimikidwa, wofika m'chifuwa, udzu utaumiza. Pamwamba anajambulapo chinthu chimene ine ndinati ndi mtanda wokhota miyendo, m'munsi mwake mayina achizungu ondondozana. Chingerezi changa ndi cha ku nazale, mawu enawo ndinangowadutsa. Koma mtima unandipweteka. Anthu onsewa kugona manda amodzi, opanda wosesa, ngakhale mtumbira womwe unafafanizika? Ndinati ayi, ine manda a mkazi wanga ali kutali, awa eni ake ali kutali, tiyeni tisungane.

Sabata yotsatira ndinabwera ndi khasu, kulambula bwinobwino, n'kuunda mtumbira, wautali ndithu poti anthu ake ndi ambiri. Basi ndinazolowera. Ndikafika ndimavula chipewa, "Odi anyamata," n'kukhala pachitsa kuwafotokozera za bondo langali, za kapitawo watsopano wamwano uja, za a Esitere mmene ankaphikira nyemba za kalongonda tsiku lathunthu osadandaula nkhuni. Sankayankha, komanso sankandidula mawu, ndipo chaka chinatha tikucheza choncho.

Ndiye Lachisanu lina bwana manejala, mnyamata wophunzira bwino, anandiitanitsa ku ofesi. "A Makwinja, ndamva kuti mumasamalira chipilala chija. Mkuja kukubwera alendo ochokera ku Ulaya, mbumba ya eni esiteti akale. Mukakhalepo."

Eee, abale a anyamata anga! Loweruka ndinakaunda mtumbira mwatsopano, dothi lofiira la psuu, kuusalaza ndi manja kuti alendo asakanene kuti ku Thyolo kulibe anthu. Lamulungu ndinatulutsa suti ya ukwati wanga, imene inasokedwa ndisanadziwe kuti munthu amamera mimba.

Kunali chiperoni tsiku limenelo. Anafika atatu: gogo wachizungu wa ndodo, mwana wake wamkazi atanyamula nkhata ya maluwa, ndi manejala kutsogolo akufotokoza ndi manja. Atangoona mtumbira uja, manejala anaima njii.

"A Makwinja," anandinong'oneza, "paikidwa ndani apa?"

"Si omwewa, bwana."

"Dothi lake la dzulodzuloli? A polisi akudziwa?"

Ine ndinangoti mwana uyu sukulu yamuiwalitsa za manda. Iye thukuta kamukamu, chiperoni chili chomwecho, anangoti, "Tikambirana," n'kumwetulira alendo.

Anaika nkhata ija, onse n'kuweramitsa mitu. Chete. Ndinadikira woyambitsa nyimbo, palibe. Ndinadikira kuti gogo uja ayambe kulira ife tilandire, osatheka, anangotseka maso. Inu, kwathu kuno munaonapo anthu atazungulira manda pakamwa pali pululu? Maliro a zii si a munthu wopanda mbale? Ndinawamvera chisoni anyamata anga. Ndinati mwina alendowa atopa ndi ulendo, mwina alibe wowayambira, ine ndine wapamudzi pano, ndiwathandize.

"Mayo ine! Anyamata inu, abale anu abwera!"

Manejala anandikoka jekete. Ine ndinayesa akuti kwezani, ndinakweza. Koma pakhosi pakatseguka simusankha chotuluka. Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Esitere! Esitere iwe, wandisiyira yani?" Zimene sindinalire ku Mozambiki pamaso pa alamu anga zinatulukira pamenepo zonse. Ndinagwada pamtumbira paja, thalauzi la ukwati linangoti phwee kumbuyo, ine osasamala, mamina ndi misozi, dothi lofiira mpaka m'zigongono.

Nditatopa n'kukweza mutu, ndinaona mayi wamng'ono uja akuyendetsa chala pamwala, dzina ndi dzina, akufunafuna Esitere.

Manejala anandidzutsa, n'kuima kumbuyo kwanga kutchinga pong'ambika paja. "Bambo," anatero, mawu ake otsika, "pano sipanaikidwe munthu. Awa anali amalinyero. Sitima yawo inaphulitsidwa ndi adani pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija, onse anamira m'nyanja yamchere, sanapezeke ndi mmodzi yemwe. Dzina loyambalo ndi bambo a gogowa, enawo ndi anzawo. Icho si mtanda, ndi nangula wa sitima. Ndipo kukhala chete kuja ndiwo mwambo wake, mwawadula pakati."

"Ndiye chaka chonsechi ndimapatsa moni ndani?"

"Mwala, bambo."

"Nanga mumtumbiramu?"

"Mwina chiswe."

Ndinalakalaka nditalowa mumtumbira momwemo, bola mukhale munthu. Chimene chinandiwawa si thalauzi ayi, koma kuti anzanga okhawo amene ankandimvera sanalipo n'komwe. Ndinatola chipewa kuti ndizipita chammbuyo, koma gogo uja anandigwira dzanja, lamatope lomwelo, n'kulankhula, manejala akumasulira.

"Akuti musachite manyazi, iwonso akwera ndege kudzalankhula ndi mwala womwewu. Akuti bambo awo anamira iwo ali khanda, ndipo sanamvepo munthu akuwalira mokweza. Akufunsanso kuti a Esitere ndi ndani."

Ndinawauza. Anagwedeza mutu, n'kuzula duwa limodzi pankhata paja kundipatsa. Ndinabwerera kunyumba jekete nditamanga m'chiuno, duwa m'manja, ngati mkwati wothamangitsidwa.

Lolemba ndinalamulidwa kukafafaniza mtumbira wanga, ndipo nkhani inali itafika kale m'malaini monse mokhala antchito. Mpaka lero azimayi othyola tiyi akandiona amafuula, "A Makwinja, anyamata adzuka bwanji?" Ine ndimangoti adzuka bwino, apereka moni.

Ndalumbira ndithu, sindidzayambitsanso kulira pamwambo wa eni, ndipo ndisanaunde mtumbira ndizifunsa kaye ngati mwini wake alimo. Koma Lamulungu ndimapitabe ndi tsache langa, kungoti moni ndinasintha. Ndikavula chipewa ndimati, "Odi anyamata, odi a Esitere." Ngati gogo uja amakhulupirira kuti bambo ake akumva ali pansi pa nyanja, a Esitere a pa Mozambiki pomwepa angalephere bwanji?