Nambala 9 pa Pulogalamu ya Ukwati wa Veronika

Lolemba, 11 Ogasiti

Masiku otsala kuti mwana wanga Veronika akwatiwe: 5.

Pulogalamu yafika ndi minibasi ya 10 koloko kuchokera kwa akuchimuna ku Lusaka. Pepala lolimba, lonunkhira. Zochitika zonse 14. Ndikuwerenga ndi chala. Pemphero, ndamva. Kudula keke, ndamva. Koma pa nambala 9 alemba chonchi: "Terpsichorean interlude: the bride and her father."

Tate wake ndine, apo palibe vuto. Vuto ndi liwu loyambalo. Zilembo 13. Ine ndinalekezera giredi 7, ndipo liwu ili sitinalifike.

Zimene ndikuganiza kuti lingatanthauze:
1. Kulankhula Chingerezi pamaso pa anthu.
2. Kupereka mbuzi.
3. Mankhwala a nkhupakupa.

Pafoni Veronika akungoseka. "Batate, musayope, ni vabwino. Muzaona." Kaseko kake ndi ka malemu amake ndendende.

Kudzabwera anthu a masuti. Chimene sindifuna ndi chimodzi: mwana wanga kuweramitsa mutu chifukwa cha ine.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Otsala: 4.

Panjinga mpaka kwa ba Ticha Lungu, amene anapuma ntchito ya uphunzitsi koma dikishonale sanabweze. Mphindi 35, mphepo ya Ogasiti kumaso.

Avala magalasi, anyowetsa chala, atsegula. Akuti limatchulidwa kuti "tepsikoriyani". Akuti Agiriki akale anali ndi mzimu wachikazi woyang'anira magule, dzina lake Terpsichore, ndiye liwuli likutanthauza chilichonse chokhudza kuvina. Ngakhale munthu wovina angathe kutchedwa choncho.

"Si liwu la pamsika ili, batate ba Vero," akutero. "Amalitulutsa anthu awiri: wofuna kuseketsa, ndi wofuna kuti mudziwe kuti sukulu anapita."

Ndiye kuti Loweruka ndivina. Ine!

Ndinavina komaliza pa ukwati wanga, zaka 31 zapitazo, ndipo ansembe anafunsa ngati ndaponda linthumbu. Wovina panyumba pano anali amake Veronika. Iwo akavina kutchalitchi popereka mitulo, ine ndimasunga mwana ndi ambulera.

Ba Ticha akuti liwu lalikulu chonchi silingayende ndi gule wakumudzi. Likufuna kavinidwe kachizungu kamene anaona ku koleji: 1-2-3, 1-2-3, msana njo, chiuno chete. Andionetsa atagwira mpando. Mtima wakhala pansi pang'ono. Chinthu chowerengeka ndi chinthu chotheka.

Dongosolo: mapazi 48. Tsiku lililonse 12, kuyambira lero mpaka Lachisanu. 12 x 4 = 48. Zikukwana bwinobwino.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Otsala: 3.

Mamawa ndasesa pabwalo. Ndatenga chingwe chobzalira chimanga, chija ndinamangirira zitsekerero za mabotolo, ndayeza. Phazi lililonse masentimita 60. Pamene phazi lidzatere ndakhoma chikhomo. Zikhomo 24, za dzulo ndi za lero. Pabwalo pakuoneka bwino, ngati nazale.

Mnzanga wovina naye: khasu. Ndi lalitali ngati Veronika ndipo silidandaula.

1-2-3, 1-2-3. Zikuyenda. Ndafika pa 19 osalakwitsa.

11 koloko mlongo wanga Agnesi wafika kuchokera ku Bundabunda kudzafulula munkoyo, chakumwa cha paukwati. Wandipeza nditakumbatira khasu. Watula katundu, wayang'ana zikhomo, wayang'ana ine.

"Achimwene, mukubzala chiyani mu Ogasiti?"

Ndamuuza mofatsa kuti ndikuchita za tepsikoriyani. Akuti kiliniki siitseka mpaka 4 koloko.

Masana ndapita kudimba kukathirira repu. Pobwera ndapeza mbuzi zazula zikhomo 9, ndipo kamwana kake kakudumphadumpha pamzere wanga womwewo, mopanda dongosolo koma mokoma. Ndayesa liwu lija pa iko: kambuzi ka tepsikoriyani. Likukhala bwino. Pa ine silinayambe kukhala.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Otsala: 2.

Amayi a mumphakati wathu wa kutchalitchi abwera kudzathandiza Agnesi. Onse 7. Moto wa munkoyo akoleza pamalo poti aziona bwino pabwalo langa. Sindikhulupirira kuti zangochitika.

Agnesi wavomera kulowa m'malo mwa khasu. Zotsatira:
Mapazi amene tayenda: 24.
Kumuponda: 6.
Ndiye kuti kamodzi pa mapazi 4 alionse.
Khasu ndinaliponda kawiri kokha.

Zimene ndamva kuchokera kumoto:
"Bavina monga bapopera tomato."
"Chiuno banachisiya kumunda."
"Milomo iyenda, nanga bapemphera?"

Sindikupemphera, ndikuwerenga.

Agnesi akuti nditaye manambala ndimasule chiuno. Ndamuuza kuti ba Ticha anati chiuno chete. Akuti ba Tichawo anavina ndi mpando chifukwa munthu anawakana.

3 koloko ndapunthwa pa chikhomo nambala 17. Bondo lamanzere latupa. Ndaliyeza ndi chingwe: laposa lamanja ndi masentimita 3.

Dongosolo latsopano: mapazi 24 okha, kuwabwereza kawiri. 24 x 2 ndi 48 yomweyo. Alendo sadzadziwa. Chiyembekezo chilipo.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Otsala: 1.

Ku Chongwe kukaona holo. Ndatenga chingwe m'thumba.

Pansi si dothi, ndi matailosi oterera. Lililonse masentimita 40. Phazi langa 60. Ndiye kuti mapazi 2 ndi matailosi 3. Ndagwada pakona ndikuwerengeranso zonse kuseri kwa pulogalamu.

Ndili chogwada chomwecho, pabwera munthu wa mimba ndi tayi wofiira. Ndi amalume a mkwati, amene adzayendetse mwambo. Pulogalamu analemba ndi iwo. Ndawafunsa mwaulemu za nambala 9.

"Aa, ba mudala, ni kuvina chabe. Ninafuna programme imveke bwino."

Mlungu wonse wa zikhomo, kuti pepala limveke bwino.

Kenaka woimbitsa nyimbo ayesa zimkuzamawu. Veronika, amene wabweranso kudzaona holo, akuti, "Iyi ndiye yathu, batate." Si yachizungu. Ndi kalindula, gitala wothamanga ndi ng'oma. Ndayesa 1-2-3 chamumtima. Sizilowa. Ndayesa 1-2-3-4. Nyimbo yandisiya pa 2.

Ndipo ndaizindikira. Ndi ija amake ankati ikalira pawailesi amasiya tsache pakati pa nyumba nkuyamba kuvina, Veronika ali kumbuyo m'chitenje.

Ndamutengera pambali mwana wanga. Ndamupempha kuti nambala 9 apatse Agnesi, amene ali ndi chiuno ndi mapazi omwe. Sanaseke.

"Iyi ninafunika kuvina na bamama. Kulibe. Mwasala imwe."

Ndapinda chingwe.

Mapazi amene ndikudziwa: 24. Amene agwire ntchito mawa: 0.

Loweruka, 16 Ogasiti

Otsala: 0.

6 koloko. Ndakwecha pansi pa nsapato zatsopano ndi mwala kuti zisaterere. Bondo ndamanga ndi nsalu mkati mwa buluku. M'dzanja lamanzere ndalemba 1-2-3 ndi bolopeni. Nyimbo siilola, ndikudziwa, koma munthu sapita kumunda wopanda khasu.

Misa yayenda bwino. Mphindi 95. Veronika wayankha momveka.

5 koloko madzulo, ndikulemba nditakhala pakhonde la holo, nsapato nditavula.

Nambala 8 itatha, amalume a mkwati agwira pepala, ayang'ana liwu lawo lomwe, ayesa kawiri, kenaka angoti, "Batate ba mwana, bwerani muvine." Ba Ticha ali kumbuyo atchula liwu lonse mokweza kuti awathandize. Palibe wawathokoza.

Ndaima pa tailosi limene ndinasankha dzulo. Veronika watulutsa chitenje chobiriwira cha amake, chija ndimayesa chinatayika, wandimanga m'chiuno pamwamba pa suti. Nyimbo yayamba.

1-2-3. 4, 5. Ndatsegula dzanja, thukuta lafufuta zonse. Pa 7 Veronika wandigwira manja onse awiri.

"Lekani kuwerenga. Niyang'aneni ine."

Ndamuyang'ana. Phewa limodzi amagwetsa pang'ono asanatembenuke, monga amake. Ndimalidziwa phewa limenelo. Ndinaliyang'ana zaka zambiri nditagwira ambulera. Likagwa, ndatembenuka. Likadzuka, ndabwerera. Chimene chiuno chachita sindinachitume ine.

Nthungululu! Agnesi walowa m'bwalo akufuula kuti, "Ni achimwene banga aba!" Asewere anga, amake a mkwati, avula nsapato zazitali nkulowanso. Amalume a tayi wofiira aterereka pa matailosi, awadzutsa.

Veronika sanaweramitse mutu. Wangouika paphewa panga nyimbo itatha, ndipo jekete lanyowa.

Lamulungu, 17 Ogasiti

Bondo lamanzere: laposa lamanja ndi masentimita 5. Kutchalitchi ndapita ndi ndodo.

Ba Ticha andipeza panja. Akuti chimene ndinavina sichili mu koleji iliyonse, koma dikishonale siikana: chinali cha tepsikoriyani ndithu. Amayi a mumphakati liwulo alidula, tsopano akunditchula "ba Tepsi". Ndapempha kuti asiye. Ansembe nawo anditchula chomwecho pondipatsa moni.

Atcheya a mphakati alengeza kuti pa Misa yothokoza zokolola, wotsogolera gule wa mitulo ndine. Sanandifunse. Anthu awomba m'manja, ndiye nkhani yatha. Masiku otsala: 21.

Veronika wanyamuka ndi mwamuna wake 2 koloko. Chitenje wasiya pampando wanga, chopindidwa. Ndamuimbira kuti waiwala. Akuti sanaiwale.

Zikhomo ndazula zonse, Agnesi wasonkhezera nazo moto wa tiyi. Chingwe ndapachika, chidikire mvula.

Ndatsegula tsamba la dzulo kuti ndilembe chiwerengero cha mapazi amene ndinavina. Ndikudziwa mpaka 7. Mzerewo ndausiya wopanda nambala.