Tsiku Limene Ndinaimitsa Sinoo ku South Bend

Amene akuti ndi bodza anyamule mbale yake akadyere m'galimoto panjapo. Inu a Mbewe, ndakuonani mukukodola akazi anu. Mwabwera kudzandipempherera chifukwa Lolemba madokotala akuchotsa kholingo langa limodzi ndi khansa yake, ndipo mwadzaza pabalaza panga ndi nkhope za pamaliro ngati ndatsogola kale. Mapemphero ndalandira, zikomo abusa. Koma mawuwa akadali anga mpaka Lolembalo, ndiye khalani bwino ndikuuzeni zimene anachitapo.

Nditangofika kuno ku America, ambiri a inu mukuthamangabe opanda kabudula, ndinkagwira ntchito ku South Bend m'nyumba yosamalira okalamba. M'chipinda chakumapeto munali mdala wina wachizungu, a Wendell, oonda ngati bango, sitiroko itawalanda mawu. Anzanga ankangowadziwa ngati gogo wovuta kusambitsa. Chonsecho munthuyo paunyamata wake anali dairekitala wa mafilimu, akalekale aja opanda mawu, oti anthu amangoyenda monjenjemera, milomo ikugwedera koma osamveka kanthu. Mbiri yawo ndinaimva kwa mwana wawo wamkazi, yemwenso anali kale ndi imvi zake.

Akuti masiku amenewo dairekitala ndiye anali waphokoso kuposa wina aliyense. Popeza kamera inalibe makutu, iye ankaima pambali ndi lipenga lachitini n'kumakuwa kujambula kuli mkati: lira, thawa, cheuka, igwa pansi. Kenako kunabwera makina ogwira ndi mawu omwe, lamulo n'kukhala lakuti kamera ikayamba aliyense atseke pakamwa, ndi dairekitala yemwe. A Wendell anayesa, zinakanika. Ankangozindikira akuwa kale, filimu yawonongeka. Anawaonetsa msana wanjira, n'kubwerera kwawo kuno ku Indiana kudzagulitsa nsapato.

Tsono mawu anga mumawadziwa. Kwathu ku Ntcheu ndikaitana ng'ombe za bambo, zinkabwera ndi za ku Mozambique zomwe. Tsiku lina nesi anaiwala kumanga mabuleki a wilitcheya m'khonde, ine n'kukuwa kuti agwire, mawotchi onse apakhoma n'kuima. Nditalowa kwa a Wendell, anandikola pamkono n'kuloza kunsi kwa bedi. Kunali kamera yabokosi yopukusa ndi dzanja, pambali pake lipenga lija. Analoza pakhosi panga, kenako pachifuwa pawo. Ndinamva. Ankafuna kubwereka mawu anga kuti ajambule filimu yawo yotsiriza.

Tinatuluka masana ena kukugwa sinoo, okalamba onse titawakulunga m'mabulangete, mwana wawo uja ali pa kamera. Nkhani ya filimuyo inali yaifupi. Panali gogo wina wamkazi, a Dorothy, amene chimwalirire amuna awo anali asanatembenuzepo khosi kuyang'ana munthu, ndipo iwowo ndiwo ankayenera kucheuka ngati aitanidwa ndi wokondedwa wawo. Koma sinoo inachuluka moti nkhope yawo sinkaoneka. A Wendell anakweza chikhatho, ine n'kuika lipenga pakamwa, n'kukoka mpweya mpaka mitengo yonse ya pabwalopo inaweramira kwa ine, n'kukuwa kuti, "Imani!" Mukumva? Sinoo inaima, inangoti chilili m'malere ngati thonje lopachikidwa pa ulusi, moti munthu unkachita kuikankha ndi manja kuti udutse, mtsinje wa m'tauniyo n'kuumira nsomba ina ili pakati podumpha, mbalame n'kuima mapiko ali tambasu ikundiyang'ana kuti ndiiuze nthawi yopitiriza, mawuwo n'kutsika ndi msewu mpaka kuno ku Indianapolis, kumene madiraiva a mpikisano a ku Speedway, ali phee pa masofa m'nyumba zawo, onse anaponda mabuleki nthawi imodzi. Abusa muli pano, sindinganame pamaso panu.

Kenako a Wendell anatsitsa dzanja pang'onopang'ono, anaika chala pamilomo, n'kuloza a Dorothy. Apa mpamene ndinatuluka thukuta mozizira monse muja. Kukuwa ndinkatha, koma iwo ankafuna ndiitane motsitsa, ndipo sindinkadziwa chomuuza mzungu wachikulire choncho. Ndinaika lipenga pansi n'kulankhula mmene bambo anga ankalankhulira pakhomo akamabwera ku ulendo wautali, m'Chichewa momwemu: "Odi kuno, ndabwera." Khosi lija linalira ngati chitseko cha nkhokwe, koma anacheuka, abale, anacheuka n'kumwetulira. A Wendell anaomba m'manja kamodzi, sinoo yonse ija n'kugwa pamodzi, ndipo tinachita kufukula okalamba ndi mafosholo, onse akuseka.

Filimuyo atakaitsuka tinaionetsa pa nsalu yapabedi m'chipinda chodyera. Ine ndinakhala kutsogolo nditavala tayi, kudikira kumva mawu anga. Zii. Kumangomveka kamakina koonetsera filimuyo kakulira kumbuyo. Ndinapsa mtima kwambiri. Ine amene ndinaimitsa nyengo, osaonekamo ngakhale chithunzithunzi. Ndinati, "Bwana, mwandibera." Iwo anaseka opanda liwu, anagwira chibwano changa n'kuchitembenuzira ku nsaluyo, pamene a Dorothy ankacheuka, kenako analoza pakhosi panga. Pamenepo ndinazindikira. Munthu uja anakuwa unyamata wake wonse, m'mafilimu ake mulibe liwu lake n'limodzi lomwe, koma aliyense amene akuthamanga mmenemo, amene akulira, amene akucheuka, akuyankha iyeyo.

Filimuyo ili kuti? Funso labwino, a Mbewe. Zakale zija zinkayaka zokha ngati udzu wa m'chilimwe. Inapsa. Ndipo musayang'ane kukhitchini kumene Anachisale akupukusa mutu, mayi akunyumbawo anali asanabwere kuno nthawi imeneyo, umboni wawo sugwira.

Sindikubisirani, ndikuopa. Munthu wolongolola ngati ine kudzadzuka Lachiwiri osatha ngakhale kuwaitana Anachisale kuti tiyi wazizira, zimenezo zikundiwawa kuposa mpeni wa dokotalawo. Koma masiku ano a Wendell akumandibwerera m'mutu. Ndimamuona mwana wanga Tadala, wobadwira kuno, amene ukamulankhula Chichewa amayankha Chingerezi, koma lero polowa pakhomopo anati odi, ndipo madzi anakupatsirani ndi manja awiri. Mukuganiza anakuwa ndani mpaka zimenezo zinamulowa? Madokotala akachotsa lipenga chabe.

Mukukayikabe, ndaona. Chabwino, taonani kuno.

Eya. Ndangokweza chikhatho, sindinanene kanthu. A Mbewe, mwendo wa nkhuku waima pakati pa mbale ndi pakamwa. Abusa asiya kutafuna. Ngakhale Anachisale atseka mpopi kukhitchiniko. Ndiye mundiuze kuti sinoo inali youma mutu kuposa inu?